Kumene Misa inawatuma: Mayi Teresa ndi Ambuye Romero

Pamndandanda wa anthu amene ankaganiziridwa kulandira mphoto ya mtendere ya Nobel ya chaka cha 1979 panali maina awiri a anthu omwe moyo wawo unkazungulira pa guwa la nsembe. Dzina la Ambuye Oscar Romero, arkiepiskopi wa San Salvador m'dziko la El Salvador, linaperekedwa ndi aphungu oposa 100 a nyumba ya malamulo ya ku Britain. Lina linali la Mayi Teresa wa ku Calcutta, ku India. Mphoto inagwera Mayi Teresa. Iwo anakailandira ku Oslo mu Disembala, napempha kuti phwando limene amakonzera wopambana lisachitike, ndalama zake zikadyetse osauka. Patangopita miyezi itatu ndi masabata awiri, pa 24 Malichi 1980, Ambuye Romero anaomberedwa ndi mfuti ali mkati mochita Misa.

Lero onse awiri ndi oyera mu Mpingo wa Katolika, ndipo anthu amawatchulira pamodzi ngati kuti ankalima munda umodzi. Ukafunsa aliyense wa iwo kumene ankatenga mphamvu, yankho likanakhala lofanana: mu Ukaristia. Koma Ukaristia umodzimodziwo unawatuma kosiyana, ndipo dziko linawalipira mosiyana kwambiri.

Zoti Misa imatuma munthu kwa osauka sizinayambe ndi iwo. Paulo Woyera anakalipira Akhristu a ku Korinto chifukwa pa mgonero wa Ambuye ena ankadya n'kumwa mpaka kuledzera pamene anzawo ankabwerera ndi njala. Yohane, pofotokoza za mgonero wotsiriza, sanalembe n'komwe mawu a pa mkate ndi chikho monga anachitira anzake atatu aja. M'malo mwake anaikapo beseni la madzi ndi nsalu yopukutira mapazi, mwambo umene timauona Lachinayi Loyera. Cha m'ma 150, Justin Woyera analongosola Misa ya ku Roma m'masiku ake: akatha kulandira, madikoni ankatengera Ukaristia kwa amene sanabwere, ndipo chopereka chinkasungidwa ndi wotsogolera mapemphero kuti athandize nacho ana amasiye, akazi amasiye, odwala, akaidi ndi alendo. Funso lakhala lili pa zina: ukatuluka pakhomo la tchalitchi, osaukawo uwachitire chiyani, ndipo ulekezere pati?

Mayi Teresa anabadwira ku Skopje mu 1910, m'banja la anthu a mtundu wa ku Albania. Ali ndi zaka 18 analowa chipani cha masisitere a Loreto, ndipo kwa zaka pafupifupi 20 anaphunzitsa atsikana pasukulu ya mumpanda ku Calcutta. Kunja kwa mpandawo kunali zoopsa. Njala ya ku Bengal ya mu 1943 inapha anthu oposa mamiliyoni awiri, ndipo ambiri anafera m'misewu ya mzindawu pofuna chakudya. Mu Ogasiti 1946 Ahindu ndi Asilamu anaphana m'misewu yomweyo. Pa 10 Seputembala chakacho, ali m'sitima yopita ku Darjeeling, iwo anamva kuti Mulungu akuwaitana kuti atuluke mumpanda muja. Anatuluka mu 1948, atavala nsalu yoyera ya mizere yabuluu, nakaphunzira pang'ono za chipatala ku Patna. Chipani chawo cha Missionaries of Charity chinavomerezedwa mu 1950, ndipo mu 1952 akuluakulu a mzinda anawapatsa nyumba yakale ya alendo pafupi ndi kachisi wa Kali ku Kalighat. Mmenemo anayamba kugonekamo anthu otoledwa m'misewu ali pafupi kufa.

Chiphunzitso chawo chinali chachifupi, ndipo ankachibwereza osatopa nacho. Yesu amene mwamulandira m'mawa m'maonekedwe a mkate ndi yemweyo mukamupeze masana m'maonekedwe a munthu wa zilonda. Atsikana ongolowa kumene m'chipani ankawauza kuti ayang'anitsitse mmene wansembe amagwirira mkate wopatulika paguwa, mwaulemu ndi mosamala, ndipo akagwire chimodzimodzi thupi la wodwala ku Kalighat. N'chifukwa chake ankakana kuti masisitere awo azitchedwa antchito othandiza anthu ngati a mabungwe ena. Tsiku linkayamba m'bandakucha ndi mapemphero ndi Misa. Mu 1973, ntchito itachuluka mpaka wina akanaganiza zochepetsako mapemphero, chipanicho chinachita zosemphana ndi zimenezo: chinakhazikitsa ola lathunthu tsiku lililonse lopembedza Yesu mu Ukaristia.

Pali kankhani kamene ndimakakonda. Mu 1964 Papa Paulo VI anapita ku Bombay kumsonkhano waukulu wa Ukaristia, ndipo pochoka anasiyira Mayi Teresa galimoto yapamwamba imene ankayendera. Iwo sanaikwere. Anachititsa mpikisano wa mwayi, ndipo ndalama zake zinathandiza kumanga mudzi wa akhate. Umu ndi mmene analili: chilichonse chogwera m'manja mwawo chinkasanduka mpunga, bandeji kapena denga.

Koma njira imeneyi inali ndi polekezera pake, ndipo anthu anapaona. Robin Fox, amene anali mkonzi wa magazini ya madokotala yotchedwa The Lancet, anakacheza ku Kalighat, ndipo mu 1994 analemba kuti masisitere anali achikondi ndi aukhondo, koma panalibe mankhwala amphamvu opha ululu, ndiponso panalibe njira yabwino yosiyanitsira wodwala amene angachire ndi amene sangachire. Ena anadandaula kuti mu 1981 iwo analandira ulemu kuchokera kubanja la Duvalier, limene linkapondereza anthu a ku Haiti, ndi kutinso analandira ndalama kwa Charles Keating, mkulu wa bizinesi wa ku America amene pambuyo pake anamangidwa pamlandu wa chinyengo. Mpweya wapoizoni utatuluka pafakitale ya Union Carbide ku Bhopal mu 1984 n'kupha anthu zikwizikwi, uthenga umene anapita nawo kumeneko unali wa kukhululuka. Za amene anachititsa ngoziyo anasiyira ena.

Ine sindifulumira kuweruza munthu amene anatsuka mabala omwe ine sindingayerekeze ngakhale kuwayang'ana. Komabe dandaulo la mankhwala opha ululu lija limaluma, ndipo limaluma ndi mano a chiphunzitso chawo chomwe. Ngati wagona pamphasayo ndi Khristu, ndiye kuti ayenera kulandira mankhwala abwino koposa amene ndalama za chipani zikanatha kugula.

Ambuye Romero sanayambe ngati munthu wovuta. Anabadwa mu 1917 ku Ciudad Barrios, anaphunzira ku Roma, ndipo ankadziwika kuti ndi wansembe wamanyazi, wokonda mabuku ndi mwambo, wosakondwa ndi ansembe olowerera nkhani za malo ndi malipiro. Maepiskopi a ku Latin America anali atagwirizana ku Medellín mu 1968 kuti Mpingo uime ndi osauka, koma iwo ankaziyendera patali zimenezi. Atasankhidwa kukhala arkiepiskopi mu Febuluwale 1977, eni minda ikuluikulu ya khofi, thonje ndi nzimbe anasangalala, pamene ansembe ambiri a m'midzi anagwa mphwayi. M'dzikomo nthaka yabwino inali m'manja mwa mabanja owerengeka, ndipo unyinji wa anthu unkadalira ganyu wa nyengo yokolola.

Pasanathe mwezi chiyambireni ntchitoyo, pa 12 Malichi 1977, mnzawo wapamtima, Bambo Rutilio Grande wa chipani cha Ajezuiti, anaphedwa pamsewu wochokera ku Aguilares kupita ku El Paisnal, pamodzi ndi nkhalamba ina ndi mnyamata amene anali nawo m'galimoto. Bambo Grande ankaphunzitsa odula nzimbe kuwerenga Uthenga Wabwino m'timagulu tofanana ndi miphakati yathu, ndipo anthuwo anali atayamba kufunsa za malipiro awo.

Yankho la arkiepiskopi watsopano linali lachilendo. Analamula kuti Lamulungu la pa 20 Malichi kusakhale Misa m'parishi iliyonse ya arkidayosizi yonse, kupatula imodzi yokha ya ku kathedrale. Kazembe wa Papa m'dzikomo anatsutsa zimenezi. Akhristu olemera anakwiya, poti kuti akwaniritse lamulo la Lamulungu anayenera kukaimirira padzuwa limodzi ndi antchito awo, kapena kungokhala kunyumba. Anthu pafupifupi 100,000 anasonkhana. Apa m'pamene ndimaona kusiyana kwa anthu awiriwa kukuyambira. Chida choyamba chimene Ambuye Romero anagwira polimbana ndi kupha anthu sichinali kalata kapena chionetsero. Anagwira Misa yeniyeniyo, naikonza mwakuti dziko lonse lione kuti thupi ndi limodzi, ndipo chiwalo chake china chadulidwa. Analengezanso kuti sadzapezeka pamwambo uliwonse wa boma mpaka imfa ya Bambo Grande itafufuzidwa. Sinafufuzidwe, ndipo iwo sanapite ngakhale kumwambo wolumbiritsa pulezidenti watsopano mu Julayi chakacho.

Mu Meyi 1977 asilikali analanda tauni ya Aguilares, nasandutsa tchalitchi kukhala msasa wawo. Anaphwanya tabernakulo ndi zipolopolo, Ukaristia n'kumwazika pansi. Ambuye Romero atapita kukachita Misa kumeneko mu Juni, anauza anthuwo kuti chimene chinachitikira mkate wopatulika ndi chimenenso chachitikira iwo, ndi kuti iwo ndiwo chithunzi cha Khristu wolasidwa. Mayi Teresa akanavomera mawu amenewa popanda kuchotsapo kanthu. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Aguilares wolasayo ankadziwika, anali ndi yunifolomu, ndipo anali ndi amene anamutuma.

Kuyambira pamenepo Misa ya Lamulungu ku kathedrale inasanduka nyuzipepala ya dziko. Inkaulutsidwa pa wailesi ya Mpingo ya YSAX, ndipo ulaliki unkapitirira ola, nthawi zina kuyandikira maola awiri. Akatha kutanthauzira mawu a Mulungu a tsikulo, arkiepiskopi ankawerenga zimene zachitika m'sabatayo: maina a ophedwa, a ogwidwa usiku osaonekanso, mudzi wake ndi tsiku lake. Maina amenewa sankatoledwa m'mphekesera. Ofesi ya maloya ya Socorro Jurídico inkayamba yafufuza nkhani iliyonse. Ankadzudzulanso magulu a zigawenga olimbana ndi boma akaba anthu kapena kupha. M'zaka zitatu zimenezo ansembe asanu ndi mmodzi anaphedwa, ndipo mwa maepiskopi anzawo, Ambuye Arturo Rivera Damas okha ndiwo ankaima nawo. Mu Febuluwale 1980 analembera Pulezidenti Jimmy Carter kumupempha kuti America isatumize thandizo la zida kwa asilikali a El Salvador, ndipo mwezi womwewo wailesi ija inaphulitsidwa ndi bomba. Pa 23 Malichi analankhula mwachindunji kwa asilikali wamba, kuwakumbutsa kuti anthu amene akuwaphawo ndi abale awo, ndi kuti palibe msilikali wokakamizidwa kumvera lamulo losemphana ndi lamulo la Mulungu. Akuluakulu a asilikali anamva ngati akuuza anyamata awo kuti agalukire.

N'kosavuta kunena kuti Mayi Teresa anali wachifundo ndipo Ambuye Romero anali wachilungamo, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma tikayang'ana mzere wa anthu opita kukalandira Ukaristia m'maiko awiriwa, tiona china. Ku India Akhristu ndi ochepa zedi, pafupifupi awiri mwa anthu 100 aliwonse. Odwala ambiri a ku Kalighat anali Ahindu ndi Asilamu, olamula dziko sanali a Mpingo, ndipo Mayi Teresa anali wobadwira kunja. Misa yawo inkachitika m'kachipinda ka masisitere, pansi poyala ziguduli, ndipo dziko linali kunja kwa khomo. Ku El Salvador zinali zina. Wolasa ndi wolasidwa onse anali obatizidwa mu Mpingo umodzi. Mwini munda, mkulu wa asilikali, mkazi wamasiye ndi mwana amene bambo ake anasowa, onse ankatambasula dzanja kapena lilime kwa wansembe mmodzi. Episkopi wa dziko lotere akangokhala chete, ndiye kuti Lamulungu lililonse akugawa mkate wa umodzi kwa anthu amene Lolemba adzaphana, ngati kuti palibe chavuta. Vuto la ku Korinto lija linali litabwerera, koma tsopano ndi mfuti.

Kusiyana kwina kuli pa mbali ya Misa imene aliyense anatsamira. Mayi Teresa anali munthu wa chete wa patsogolo pa tabernakulo, munthu mmodzi kuyang'anizana ndi Ambuye wake, ndipo ntchito yawo inatengera maonekedwe omwewo: wodwala mmodzi, supuni imodzi, dzanja limodzi logwira mnzake mpaka mpweya utatha. Ankanena poyera kuti za unyinji wa anthu sizinali zawo, iwo ankaona amene ali patsogolo pawo. Makalata awo amene anasindikizidwa mu 2007 anaulula kuti kwa zaka pafupifupi 50 ankamva mumtima ngati Mulungu wawataya, komabe sankajomba ku Misa. Ndikaganiza zimenezi, ntchito ya ku Kalighat imandionekera mwina: mwina ankafuna m'mabala a anthu nkhope imene sankaiona m'pemphero. Ambuye Romero anatsamira pa msonkhano wa anthu ndi pa mawu olalikidwa. Kwa iwo thupi la Khristu linali ndi maina ambirimbiri, ndipo ntchito ya m'busa inali kuwatchula mokweza kuti asafafanizike.

Dziko linasankha msanga amene lingamukonde. Mayi Teresa atamwalira pa 5 Seputembala 1997, chipani chawo chinali ndi masisitere pafupifupi 4,000 m'maiko oposa 120. Boma la India linawachitira maliro a boma, ndipo thupi lawo linanyamulidwa pa ngolo ya asilikali imene inanyamulapo Gandhi ndi Nehru. Papa Yohane Paulo II anafupikitsa nthawi yodikira, ndipo mu 2003 anawatchula wodala. Mu 2016 anakhala woyera. Maliro a Ambuye Romero, Lamulungu la Kanjedza pa 30 Malichi 1980, anasokonezeka ndi mabomba ndi mfuti pabwalo la kathedrale, anthu makumi angapo n'kufera pomwepo, ambiri popondana. Nkhondo yapachiweniweni imene inatsatira inatha mu 1992 itapha anthu pafupifupi 75,000. Mu 1993 komiti ya bungwe la United Nations yofufuza zoona inatchula mkulu wina dzina lake Roberto D'Aubuisson kuti ndiye analamula kuti arkiepiskopi aphedwe. Ku Roma nkhani yawo inagona m'madirowa zaka zambiri, ena akuti anafera ndale osati chikhulupiriro, mpaka Papa Francis anavomereza mu 2015 kuti anafera chikhulupiriro. Anatchulidwa woyera mu 2018, patatha zaka 38.

Ife a ku Malawi sitifunika kuuzidwa ndi munthu kusiyana kwa malipiro amenewa. Kwa zaka zambiri Mpingo wa Katolika unkayendetsa zipatala monga Likuni, Mua, Nguludi ndi Mlambe, ndi sukulu zosawerengeka, ndipo boma la Kamuzu Banda linkayamikira. Masisitere a Mayi Teresa nawonso ali ndi nyumba yawo ku Kawale mu Lilongwe. Palibe amene anaitanidwapo kupolisi chifukwa chodyetsa mwana wamasiye. Koma pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, kalata ya maepiskopi inawerengedwa pa Misa m'matchalitchi a Katolika dziko lonse. Inanena za mpata wa pakati pa olemera ndi osauka, malipiro ochepa, mitengo ya mbewu, kuthithikana m'makalasi, kusowa kwa mankhwala, kutsekera anthu popanda kuwazenga mlandu, ndi mantha oletsa munthu kulankhula za kukhosi. Zonsezi aliyense ankazidziwa kale. Chachilendo chinali kuzimva zikunenedwa mokweza, masana, kutsogolo kwa guwa. Pasanathe masiku atatu, Ambuye James Chiona ndi anzawo anali kupolisi ku Blantyre akufunsidwa mafunso, kalatayo inalengezedwa kuti ndi youkira boma, kenako makina osindikizira a Montfort ku Balaka anatenthedwa, ndipo mu Epulo Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko. Walira mvula walira matope. Pa 14 Juni 1993 Amalawi pafupifupi awiri mwa atatu aliwonse amene anavota anasankha ndale za zipani zambiri.

Maepiskopi amene analemba kalatayo ndi omwe aja ankayendetsa zipatala. Ndikuganiza kuti akanapanda kukhala ndi manesi owauza kuti m'kabati mulibe mankhwala, ndi aphunzitsi owauza kuti m'kalasi imodzi muli ana oposa 100, kalatayo ikanakhala ya mawu ouma. Komanso ndimaona kuti m'maparishi mwathu njira ya Mayi Teresa ndi imene timaithamangira. Mphakati ukamva kuti kwakuti kuli wodwala, amayi amasonkha ufa, sopo ndi nkhuni mosanyinyirika, ndipo ndi chinthu chokongola. Koma wina akadzutsa nkhani yoti n'chifukwa chiyani wodwalayo anabwezedwa kuchipatala popanda mankhwala, kapena kuti mlonda wa m'parishi momwemo amalandira zingati pamwezi, mitu imawerama, ndipo wapampando amati nthawi yatha, titseke ndi pemphero. Thandizo la ufa limachokera m'thumba la wopereka, ndipo iye amabwerera kwawo mtima uli mbee. Funso lija limagwira thumba la wina, amene nthawi zambiri amakhala pabenchi lakutsogolo.

Sindikufuna kuti izi zimveke ngati Ambuye Romero anali munthu wa maikolofoni basi. Anakana kukhala m'nyumba yapamwamba. Ankakhala pachipatala chaching'ono cha Divina Providencia, cha odwala khansa osauka, choyendetsedwa ndi masisitere a chipani cha Akarimeli, poyamba m'kachipinda ka pafupi ndi guwa la tchalitchi chawo, kenako m'kanyumba kamene masisiterewo anawamangira. Munthu amene Lamulungu ankagwedeza dziko, masiku ena onse ankadzuka pakati pa anthu oyembekezera imfa, monga a ku Kalighat. Mayi Teresa nawonso sanali wamantha: mu 1982, nkhondo ili mkati ku Beirut, anaoloka malire a omenyanawo kukatulutsa ana olumala 37 m'chipatala chimene chinali pakati pa moto.

Lolemba pa 24 Malichi 1980, masana, arkiepiskopi anapita kukalapa kwa wansembe wawo ku Santa Tecla. Madzulo cha m'ma 6 koloko anayamba Misa m'katchalitchi ka pachipatala paja, yokumbukira mayi wa mnzawo wina wolemba nkhani, amene anali atamwalira chaka chimodzi m'mbuyomo. Anthu anali ochepa: abale a malemu, masisitere ndi ena owerengeka. Uthenga Wabwino wa tsikulo unali wa njere ya tirigu imene iyenera kugwa m'nthaka. Chifukwa cha kutentha, zitseko zinali zotsegula. Atamaliza ulaliki waufupi, ali chiimire paguwa pokonzekera kupereka mkate ndi vinyo, galimoto yofiira inaima pakhomo, ndipo chipolopolo chimodzi chinawalasa pachifuwa. Anagwa kumbuyo kwa guwa, pansi pa mtanda. Mkate ndi vinyo zinatsala pomwepo zisanapatulidwe. Amene anathamanga kukagwada pambali pawo, kuwadzutsa mutu pamene magazi ankatuluka m'kamwa ndi m'mphuno, anali masisitere aja osamalira odwala khansa.